Blantyre M'maso mwa Anthu a Kuchigwa

Munthu amene wakhalako kuno kwa Mbenje, ngakhale kwa miyezi yowerengeka chabe, sangalephere kuona chinthu china chodabwitsa pa m'mene anthu athu amaunenera mzinda wa Blantyre. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanayambe kuotcha, pa Bangula pamakhala anthu odikira galimoto yopita ku Kabula: wodwala amene wauzidwa kuti nthenda yake ikaoneka bwino ku Gulupu, mnyamata amene watsiriza sukulu ndipo akukafuna ntchito, mayi wa dengu la nsomba zouma, bambo amene akukatsata mlandu wake kubwalo lalikulu la ku Chichiri. Onsewa amapita ndi chiyembekezo, ndipo akabwerako amasimba za kamphepo kozizira, nyumba zosanjikizana ndi sitolo zosasowa kanthu. Komatu madzulo a tsiku lomwelo, mukakhala pansi ndi akuluakulu, mudzamva dzina lomwelo likutchulidwa ndi mtima wowawa. Akuti ndi mzinda wodzikuza, wosadziwa kulonjera, wakudya ana a eni ake. Pa maliro a munthu amene wafera kutauni mawu otere amachita kusefukira.

Ena amafulumira kunena kuti imeneyi ndi nsanje chabe, ndipo anthu a nthabwala amaonjezapo kuti palibe chodabwitsa popeza dzina la boma lathu ndi lomwelo. Ine sindivomereza. Kuipidwa kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo idayambira pa madzi a Shire mzinda wa Blantyre usanabadwe n'komwe.

M'chaka cha 1859 David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire pa sitima yake, nadutsa m'dziko la Amang'anja mpaka kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Atapitirira pang'ono adapeza mathithi a Kapichira, ndipo sitima siidathe kupyola. Amishoni oyamba amene adamtsata sadakhalitse. Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Anzake atachoka ku Magomero n'kudzakhala kwa Chibisa adakumana ndi chilala ndi njala yoopsa, ndipo ena a iwo adaikidwa komweko. Kuchokera pamenepo azungu adatengapo phunziro limene lidakhala m'mitima mwawo zaka zambirimbiri, lakuti chigwa ndi malo odutsapo msangamsanga, koma malo okhalapo ndi kumtunda. Motero pamene Henry Henderson wa mpingo wa ku Scotland ankafuna malo omangapo mishoni, mothandizidwa ndi Tom Bokwito amene ankalidziwa dzikolo, adasankha dziko la mfumu Kapeni pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Mishoni idakhazikika mu 1876, ndipo adaitcha Blantyre pokumbukira mudzi wa ku Scotland kumene Livingstone adabadwira.

Tsono taganizani, okondedwa awerengi. Mudzi watsopanowu udali pamwamba pa mapiri, kutali ndi nyanja yamchere, kopanda msewu kapena njanji. Msomali uliwonse, nsalu iliyonse, bokosi lililonse la mankhwala kapena la mabuku lidayenera kulowera pa Zambezi, kukwera Shire, kudutsa pakhomo pathu pano mpaka kudooko la kwa Katunga. Kuchokera pamenepo panalibenso sitima koma mitu ndi mapewa a anthu. Kampani ya African Lakes, imene idayamba mu 1878 motsogozedwa ndi abale awiri John ndi Frederick Moir, ndipo anthu adaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John, idadalira amtengatenga pa malonda ake onse. Amene adayendapo pa msewu wochokera ku Thabwa kukwera ku Blantyre akudziwa m'mene galimoto imalirira pa zikweza zija. Makolo a anthu a chigwa chino ndi a m'mapiri oyandikana nafe ankakwera mapiri omwewo wapansi, katundu ali pamutu, ndipo nthawi zina mzungu ali gone m'machila pamapewa awo. Akafika pamwamba ankatula katundu, n'kulandira kansalu, n'kutsikanso. Nyumba ya Mandala, imene idamangidwa mu 1882 ndipo ilipobe, alendo amaichezera ndi kuitama kuti ndi yakalekale. Mayina a amene adasenza katundu wa m'nyumbamo palibe adawalemba.

Ndiyenera kunenapo za chinthu china chowawa, ndipo sindikunena monyoza abale athu a mpingo umenewo, pakuti iwo eni adachivomereza nachikonza. M'zaka zoyambirira amishoni a ku Blantyre adadzisandutsa oweruza milandu. Ankakwapula anthu oganiziridwa kuba, munthu wina adaphedwa ataweruzidwa kuti ndi wakupha mnzake, ndipo wamtengatenga wina adamwalira atakwapulidwa. Mlendo wina, Andrew Chirnside, adaulula zimenezi ku Britain mu 1880, ndipo chaka chotsatira mkulu wa mishoni, Duff Macdonald, adachotsedwa pamodzi ndi ena. Mmodzi wa ochotsedwawo, George Fenwick, adasanduka wamalonda, ndipo mu 1884 adaombera ndi kupha Chipatula, imodzi mwa mafumu a Chikololo amene ankalamulira mbali ina ya chigwa chino. Anthu a Chipatula nawo adamupha Fenwick. Amene adabwera pambuyo pa Macdonald, David Clement Scott, adali munthu wa mtima wina: adalemekeza chinenero cha Amang'anja mpaka kulemba buku lalikulu lotanthauzira mawu ake, ndipo pamodzi ndi amisiri achikuda adamanga tchalitchi chokongola cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891. Mbiri yabwino ya Blantyre idayambira pa anthu onga iyeyu. Koma kuchigwa mbiri ya chikoti ndi mfuti idafika msanga kuposa mbiri ya sukulu.

Boma la Angerezi litakhazikika mu 1891 lidaika likulu lake ku Zomba, koma chuma chidatsala ku Blantyre. Msonkho wa nyumba udakakamiza amuna kufuna ndalama, ndipo ndalamazo zidali kumtunda, m'minda ya azungu ndi m'makampani. Njanji yochokera ku Port Herald, imene ndi Nsanje ya lero, idadzera pa Chiromo nifika ku Blantyre mu 1908. Mu 1915 idatalikitsidwa kufika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana utatha, sitima inkachoka ku Limbe mpaka ku Beira osaolotsa katundu pa madzi. Zaka zimenezo chigwa chidali chipata cha dziko lonse. Chidalinso munda wake wa thonje, pakuti m'zaka za m'ma 1920 thonje lochuluka la Nyasaland linkachokera kuno. Koma mtengo wake sunkakambidwa pabwalo la mfumu. Unkabwera wopangidwa kale kuchokera kwa boma ndi kwa ogula. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a Shire adakwera namiza madimba ambiri, ulimi wa thonje udagwa, ndipo amuna ochuluka adabalalika kukafuna ntchito kwina. Amene adapita ku Blantyre adapeza mzinda wogawidwa: azungu kumalo kwawo kwa mitengo ndi maluwa, amwenye m'masitolo, ndipo munthu wakuda, amene ankausesa ndi kuuphikira mzindawo, ankagona kunja kwa malire ake, m'midzi yothinana monga Ndirande.

Chipata chimalemekezeka pokhapokha ngati anthu akudzerapo. Mu 1970 njanji ina idatsegulidwa yopita ku Nacala kudzera ku Nayuchi. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira, ndipo m'malo mwa katundu, chimene chidalowera pa chipata cha Nsanje chidali chinamtindi cha anthu othawa nkhondo, amene anthu a kuno adagawana nawo malo, nkhuni ndi zitsime. Mu 1997 madzi adakokolola njanji pa Chiromo, pakati pa Bangula ndi Makhanga, ndipo zaka zidapita zambiri kulira kwa sitima osamvekanso. Blantyre adapitirira kukula, pakuti adali atapeza makomo ena. Ngakhale likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, iye adakhalabe mzinda wa malonda, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti m'menemo mudali anthu oposa 800,000. Nkhalamba ya pa Bangula imene idaona siteshoni ili piringupiringu ikamati mzinda uja udatiiwala, sikunena za m'maloto ayi.

Ngakhale lero, mukaima pa mlatho wa Shire pa Chikwawa n'kumayang'ana zimene zikudutsa, mudzaona kuti zokwera n'zambiri. Zikukwera ng'ombe ndi mbuzi zokaphedwa m'mabutchala a mumzinda. Ukukwera shuga wa ku Nchalo, kumene mzimbe udayamba kulimidwa pakati pa zaka za m'ma 1960, pamene likulu la kampani yake lili ku Limbe. Thonje nalo lakhala likukwera, ndipo fakitale ya nsalu ya David Whitehead itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, mlimi ankaona thonje lake likubwerera lili chitenje cha mtengo woti sangaufike msanga. Magetsi a ku Kapichira amapangidwira m'boma la Chikwawa, pamene midzi yambiri yoyandikana ndi nthambo zake imagona mumdima. Ngakhale madzi ambiri a m'mipope ya mumzinda amapopedwa mu Shire, pa Walker's Ferry. Nanga chotsika n'chiyani? Anthu athu amayankha ndi liwu limodzi kuti ndi madzi osefukira ndi matope, monga zidachitikira mu Januwale 2015. Apa ndiyenera kuwatsutsa pang'ono abale anga. Madzi amene amamiza Makhanga ndi madera ena a kuno amachokera kutali ndi mbali zambiri, ena kumapiri a Mulanje kudzera mu Ruo, ndipo mitengo ya m'zitunda za Chikwawa sidagwetsedwe ndi nkhwangwa za anthu a ku Namiwawa. Tidaidula tokha. Koma n'zoonanso kuti makala akewo amakankhidwa pa njinga kukwera phiri, chifukwa mbaula zili kumtunda.

Komabe ndikamamvetsera bwinobwino madandaulo a anthu, ndimaona kuti chimene chimawapweteka koposa si thonje kapena njanji, koma chipongwe. Asena ambiri adalowa m'chigwa chino kuchokera ku Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, makamaka pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi nkhondo ya Makombe ya mu 1917. Kumtunda ankaonedwa ngati alendo, anthu a dziko lotentha la udzudzu, odya nyika pa nthawi ya njala. Chichewa chitakwezedwa kukhala chinenero cha dziko lonse mu 1968, wailesi ya ku Chichiri inkalankhula Chichewa ndi Chingerezi basi, ndipo Chisena chidayamba kumveka pa nkhani za pa wailesiyo m'zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Mibadwo iwiri ya ana a kuno idaphunzira kuti ukafika ku Limbe uyenera kubisa lilime la amayi ako. Ine ndemwe ndidaonapo mnyamata wophunzira bwino, amene adachokera kufupi ndi kuno, akuyankha amayi ake m'Chichewa cha m'tauni pamaso pa anzake, mayiwo akumulankhula Chisena. Ndipo mayiwo adangoti chete, n'kumakonza mpango wawo kumutu. Mayi wotere akabwerera kumudzi sanena kuti mwana wanga wandichititsa manyazi. Amati Kabula ndi woipa. Kudzudzula mzinda n'kopepuka kusiyana ndi kudzudzula mwana wobala wekha.

Apa mpamene funso limandivuta. Kodi Blantyre amene timamuda uja ndi uti? Ngati ndi wa ku Sunnyside ndi ku Mount Pleasant, anthu athu ambiri sadalowemo, kupatula ngati alonda ndi antchito a m'nyumba. Blantyre amene amamudziwa ndi wa ku Ndirande, Mbayani, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilobwe, kumene anthu amachita lendi kachipinda kamodzi, amagula madzi pa ndowa, ndipo mlendo wochokera kumudzi akafika osanena, mwini nyumba amayamba kuwerenga ufa wotsala m'thumba. Kusalonjera kumene timakudandaula kuja nthawi zambiri ndi manyazi a munthu amene kwawo amamuyesa wolemera pamene iye akugona ndi ngongole. Ndipo anthu a m'makomboni amenewa si mtundu wina ayi. Ndi Alomwe a ku Thyolo ndi ku Mulanje, Ayao a ku Chiradzulu, Angoni a ku Ntcheu, Atumbuka a kumpoto, pamodzi ndi Amang'anja ndi Asena a kuno kwathu.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza masiku angapo m'chigawo chonse cha kumwera. Kuno madzi adadzaza monga tidazolowera, ndipo anthu adathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Koma ulendo umenewo uthenga wa maliro udachokeranso kumtunda. Phiri la Soche lidagumuka, ndipo matope ndi miyala zidakwirira nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja, nyumba za anthu amene adamanga m'mbali mwa phiri chifukwa malo abwino a mumzinda sakadawatha. Mabanja a kuchigwa amene kale ankadikira thandizo kuchokera kwa ana awo a kutauni adapezeka ali m'misasa, madzi atawazinga, akuyesayesa kuimba foni ku Blantyre kuti amve ngati anawo ali moyo.