Madala kapena masteni ayamba kuthamanga? Nazi zoti mudziwe musanawaseke

Kale ukakumana ndi munthu akuthamanga pamsewu mbandakucha, umadziwiratu kuti ndi msilikali, wapolisi kapena mnyamata wa mpira. Pano zasintha. Imani cha m'ma 5 koloko m'mawa pafupi ndi Bingu National Stadium ku Lilongwe, kapena mumsewu wa Masauko Chipembere cha ku Kamuzu Stadium ku Blantyre, muona azibambo a mimba zawo ali wefuwefu, azimayi atamanga chitenje pamwamba pa thalauza la masewera, ena awiriawiri akucheza uku akuponya miyendo. Ambiri mwa iwo ndi a zaka za m'ma 40 ndi 50. Ndi makolo athu amenewa.

Kwathu anayamba ndi madala, ali ndi zaka 53. Anabwera kuchokera kuchipatala m'buku mwawo atawalembera 158/98, mawa lake 4:30 geti linalira. Tinaseka, ndisaname. Mlongo wanga anawajambula ali m'kabudula n'kuwaika pa status. Iwo anathamanga tsiku lililonse ngati akuwathamangitsa agalu, sabata yachiwiri isanathe bondo linatupa, nsapato zinapita pansi pa bedi kwa miyezi iwiri. Zomwe ndalemba apa ndi zimene ndinafufuza pambuyo pake. Udokotala ndilibe, ngakhale digiri ndinaisiyira panjira, koma kuwerenga kokha ndiye ndimatha.

Chawadzutsa n'chiyani?

Nthawi zambiri ndi BP kapena shuga. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. BP ilibe phokoso. Munthu amangomva bwinobwino mpaka tsiku lomwe wagwa kubafa mbali imodzi itafa. Ndiye n'zoseketsa kuti mwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi muli kuthamanga kwa miyendo, koma ndi mmene zilili: munthu akamachita masewera pafupipafupi mtima umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, mitsempha imamasuka, thupi limagwiritsa bwino ntchito shuga wa m'magazi.

WHO imalangiza akuluakulu kuti pa sabata azichita masewera apakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300, kapena masewera amphamvu ngati kuthamanga kwa mphindi 75 mpaka 150, kuwonjezapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 75 ndi mphindi 25 katatu pa sabata basi. Agogo kumudzi amapyola pamenepa ndi khasu komanso ulendo wa kuchigayo. Vuto lili kwa madala a m'tauni: minibasi, mpando wa ku ofesi, minibasi, mpando wa pabalaza.

Chinthu chimodzi chimvetsetseke. Kuthamanga sikulowa m'malo mwa mapilitsi. Munthu amene anapatsidwa mankhwala a BP kapena shuga asawasiye chifukwa choti wayamba kutuluka thukuta. Wochepetsa mankhwala ndi amene anawalemba.

Kaye kuchipatala

Asanagule chilichonse akayezetse BP ndi shuga. Kuchipatala amati BP yakwera ikafika 140/90 kupita m'mwamba. Ikakhala cha m'ma 180/110, kuthamanga kuime kaye mpaka itatsika. Amene anadwalapo mtima kapena sitiroko, komanso amene amamva kupweteka pachifuwa akamakwera chitunda, afunse dokotala mwachindunji kuti masewera oyenera iwo ndi ati.

Ali pamsewu, zizindikiro izi si zolimba nazo mtima: chifuwa kuthina kapena kupweteka, ululu wopita kumkono kapena kunsagwada, chizungulire, mtima kugunda mosalongosoka, kubanika kosatha ngakhale ataima. Zikatero ndi ulendo wa kuchipatala, osati wa kunyumba kukagona. Azibambo athu ali ndi kachizolowezi konena kuti "zitha zokha", ndiye inu ana ndi amene muzikakamiza. Amene amabaya insulin kapena kumwa mapilitsi otsitsa shuga azinyamula maswiti m'thumba, chifukwa shuga amatha kutsikitsitsa ali panjira. Ndipo munthu akamva thupi kutentha kapena kuphwanya ngati malungo, akayezetse, kuthamanga adzapitiriza akachira. Zoti malungo amatuluka ndi thukuta ndi bodza.

Mmene amayambira

Apa ndi pamene madala analakwitsa, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Munthu amakumbuka kuti ku sekondale ankamenya nambala 7, n'kuiwala kuti papita zaka 30. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, m'masabata ochepa mpweya umayamba kukwana. Koma minyewa yolumikiza minofu ndi mafupa, ndi mafupa enieniwo, zimatenga miyezi kuti zilimbe. Ndiye munthu amamva kuti ali ndi mphamvu, n'kuwonjeza mtunda, pomwe chidendene ndi bondo sizinakonzeke.

Pali ndondomeko yotchuka yotchedwa Couch to 5K, anaiyambitsa Josh Clark wa ku America mu 1996, ndipo a zaumoyo ku Britain, a NHS, amaigawa ulere. Imatenga masabata 9, katatu pa sabata, n'kumapuma tsiku limodzi pakati. Sabata yoyamba imayenda chonchi: kuyenda ndawala mphindi 5, kenako kuthamanga masekondi 60, kuyenda masekondi 90, kubwereza choncho kwa mphindi 20. Basi. Sabata iliyonse nthawi yothamanga imatalikirako, mpaka pa sabata ya 9 munthu amathamanga mphindi 30 osaima. Sabata ina ikavuta, amaibwereza, palibe wolemba mayeso. Sipafunika bandulo, wotchi ya pa kafoni kamabatani ikukwana. Amene ali wonenepa kwambiri kapena sanachitepo masewera chiyambire angayambe ndi mwezi wathunthu woyenda ndawala pokha.

Liwiro lake? Loti angathe kulankhula chiganizo chathunthu akuthamanga. Ngati akulephera kuyankha moni, achepetse. Zimaoneka ngati zamanyazi, kabaza amakudutsa, ana a sukulu oyenda pansi amatsala pang'ono kukupeza, koma liwiro limenelo ndi lomwe limamanga thupi.

Wofuna kudziwa mtunda popanda foni yodula: kuzungulira kamodzi bwalo lothamangirapo la pa sitediyamu ndi mamita 400, ndiye makilomita 5 ndi maulendo 12 ndi theka. Bwalo la mpira lokwana bwino, kuzungulira m'mphepete mwake ndi pafupifupi mamita 350, maulendo 14 kapena 15. Bwalo la dothi kapena la kapinga la pasukulu ya pafupi ndi lofewa kuposa tala, ndipo kulibe galimoto.

"Muthyoka mawondo"

Mawu awa aliyense woyamba kuthamanga atakula amawamva. Mu 2017 magazini ya Journal of Orthopaedic & Sports Physical Therapy inasindikiza kafukufuku wophatikiza zofufuza zambiri, ndipo anapeza kuti nyamakazi ya m'mawondo ndi m'chiuno inali mwa anthu 3.5 pa 100 alionse othamanga mongolimbitsa thupi, pomwe mwa anthu ongokhala inali mwa 10.2 pa 100. Othamanga a mipikisano ikuluikulu kwa zaka zambiri ndi amene anali pamwamba, 13.3. Chovulaza bondo nthawi zambiri ndi kuwonjeza mtunda mwadzidzidzi. Kuphwanya kwa minofu patatha tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa, kumatha kokha. Koma ululu wa pamalo amodzi, wolasa, wopangitsa munthu kutsimphina, kapena kutupa, umenewo ndi wofunika kupuma ndi kukaonetsa. Kunyonyomala n'kudzuka kangapo, kukwera masitepe, kuimirira ndi zala n'kutsika, kawiri pa sabata, kumathandiza kuti miyendo inyamule thupi bwino.

Nsapato ndi msewu

Za kukaunjika zili bwino, bola kusankha. Tembenuzani muone kunsi: ngati kwadyeka mbali imodzi kapena kwauma ngati thabwa, zisiyeni. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu, chifukwa phazi limafufuma pothamanga, ndipo ndi bwino kuyesa madzulo. Zofewa za pasukulu zija ndi nsapato za mpira ayi. Kwa amayi, bra ya masewera ndi yofunika ngati nsapato yomwe.

Kuno galimoto zimayenda kumanzere, ndiye wothamanga azikhala kumanja kwa msewu, aziiona galimoto ikubwera. Malaya akhale owala, mahedifoni asatseke makutu onse awiri, njinga zamoto za kabaza sizichenjeza. Foni yodula itsale kunyumba, ndipo kukadali mdima ndi bwino kukhala awiri kapena atatu, makamaka amayi. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likangokwera kutentha kumakhala koopsa, ndiye azimaliza isanakwane 7 koloko. Mu Juni ndi Julaye, makamaka ku Blantyre chiperoni chikagwa, ayambe ndi kuyenda nthawi yotalikirapo kuti thupi lifunde.

Nkhondo yeniyeni ili pakhomo

Ndondomeko zonse za pa intaneti sizikamba za m'mawa wa pakhomo la Chimalawi. Ola lomwe lili labwino kuthamanga ndi lomwelo lokoleza mbaula magetsi akathima, lotunga madzi ngati atuluka usiku, lophika phala, losita yunifolomu, losambitsa kamwana ka nazale. Bambo akati ndikukathamanga, amangovala n'kutuluka, pobwera apeza madzi osamba afunda. Mayi akati ndikukathamanga, funso loyamba ndi lakuti "nanga ana?" N'chifukwa chake m'misewu azibambo amachuluka. Si kuti amayi BP siwagwira. Ndipotu amayi a zaka zapakati pa 45 ndi 55, nthawi yomwe ambiri amasiya kusamba, mafupa awo amayamba kufooka msanga, ndipo masewera oponda pansi ngati kuyenda ndawala ndi kuthamanga amathandiza kuwasunga olimba.

Apa ndi pamene ife tili ndi ntchito. Ngati uli ndi zaka 19 ndipo umagona mpaka 9 koloko chifukwa unali pa TikTok mpaka 1 koloko, masiku atatu pa sabata ukhoza kudzuka n'kukoleza moto. Ndi mphindi 40 zokha. Masteni kwathu anayamba kutsagana ndi madala pokhapokha ine ndi mlongo wanga titagawana Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Tsiku loyamba ndinapsereza phala. Anadya choncho.

Pali nkhani ina yomwe amayi sangauze mwana wamwamuna. Ambiri amene anabereka amapeza kuti mkodzo umadontha akamathamanga kapena kudumpha, ndipo ena amasiyira pomwepo mwakachetechete. Ndi vuto lodziwika, limachepa ndi masewera olimbitsa minofu ya m'munsi, ndipo anamwino amawaphunzitsa. Atsikana, mukaona amami asiya popanda chifukwa, afunseni pambali.

Kenako chakudya. Munthu amawotcha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita. Bambo wa makilogalamu 80 akathamanga makilomita 5 wawotcha makalori pafupifupi 400, omwe amabwerera ndi mabotolo atatu a Coca-Cola. Ndiye akabwerako n'kulamula mitanda inayi ya nsima ati ndagwira ntchito, mimba siisuntha. Nsima asasiye, angochepetsa mtanda n'kuchulutsa ndiwo zamasamba. Mchere WHO imati usapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa mu soya, m'tomato sosi ndi wa pachiwaya. Izi sizitheka ngati wophika sakudziwa, ndiye ndi nkhani ya banja lonse.

Nanga anthu? Anena. Bambo akayamba kuchepa mimba, kuntchito amati ndalama zawathera, kumudzi amafunsa monong'ona ngati akudwala, ena amati apeza kamtsikana. Mayi ndiye amamva zambiri: kuti akufuna kuoneka ngati namwali, kuti thalauza pa msinkhu wawo n'zachibwana, apongozi amatha kutumiza uthenga. Kuno kunenepa timakutenga ngati umboni woti banja likuyenda bwino, ndiye kuonda mwadala kumasokoneza anthu. Zonena za kunja munthu amapirira. Zimene zimabweza munthu m'nyumba ndi kusekedwa ndi ana ake omwe. Madala anadzandiuza patapita nthawi kuti status ija anaiona.

Akafika pa makilomita 5

Ena amakhutira pomwepo, ndipo n'zokwanira. Ena kachilombo kamawaluma. Ku Lilongwe kuli Be More Race ya Standard Bank, yomwe mtunda wake waukulu ndi makilomita 21 koma imakhalanso ndi mitunda yaifupi. Ku Mulanje kuli Porters Race yokwera phiri kuchokera ku Likhubula, imeneyo si ya oyamba kumene. Marathon yathunthu ndi makilomita 42.195. Amene makolo awo ali ku Joni kapena ku UK, auzeni za parkrun: makilomita 5 aulere Loweruka lililonse m'mawa, oyenda pansi amaloledwa. Anaiyambitsa Paul Sinton-Hewitt ku Bushy Park ku London mu 2004 ndi othamanga 13, ndipo inafika ku Johannesburg mu 2011.

Akakuuzani kuti "ine ndakalamba", auzeni za Fauja Singh, mkulu wa ku India yemwe ankakhala ku Britain. Marathon yake yoyamba anathamanga ku London mu 2000 ali ndi zaka 89, ndipo mu 2011 anamaliza ya ku Toronto ali ndi zaka 100. Anamwalira mu Julaye 2025 kwawo ku Punjab atagundidwa ndi galimoto pamsewu.

Madala anabwereranso pamsewu ndi ndondomeko ya masekondi 60 ija, sabata yachisanu anaibwereza katatu. Mapilitsi akumwabe. Ulendo watha m'buku mwawo analemba 134/84, ndipo pano akundivutitsa kuti ndiwapezere malaya owala a saizi yawo ku kaunjika Loweruka.