Dzina Ndi la Banja, Nanga Luso Ndi la Yani? Mbiri ya Karate ya Uechi-ryu

Aliyense amene anakulira mu Mzuzu muno, kaya ku Chibavi, ku Chiputula kapena ku Zolozolo, akukumbukira m'mene tinkatulukira m'tinyumba ta kanema titaonera Bruce Lee. Tinkabwerera kwathu tikuponya mateche m'malere ndi kukuwa ngati amphaka, ndipo nthochi za eni ake za m'mbali mwa njira zinkaona zakuda. Zonsezo ife tinkangoti ndi karate. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti Bruce Lee uja anakulira ku Hong Kong ndipo nkhonya zake zinali za ku China. Karate kwawo ndi ku Okinawa, chisumbu cha kumwera kwa Japan, ndipo kumeneko si chinthu chimodzi ayi. Ndi nyumba zambiri, iliyonse ndi mwini wake, mwambo wake ndi milandu yake. Pano ndifuna kufotokoza za nyumba imodzi yokha, ya banja la Uechi, chifukwa mlandu wake ndi woti ife a kumpoto kuno tingauzenge popanda wotimasulira.

Kanbun Uechi anabadwa m'chaka cha 1877 ku Motobu, kumpoto kwa Okinawa, m'banja la alimi. Ali ndi zaka ziwiri zokha, m'chaka cha 1879, boma la Japan linathetsa ufumu wa Ryukyu umene unkalamula zisumbuzo, nitengera mfumu Sho Tai ku Tokyo. Motero mnyamatayu anakulira m'dziko lolandidwa. Mu 1897 anakwera chombo kupita ku Fuzhou, m'chigawo cha Fujian ku China. Chifukwa china chinali chofuna kuphunzira nkhonya ndi mankhwala a zitsamba, koma china chinali kuzemba usilikali wokakamiza umene Japan anali pafupi kuukhazikitsa pa chisumbupo. Awerengi aone pamenepa kuti mwini wa nyumba ya ankhonyayi anayamba ulendo wake pothawa nkhondo.

Ku Fuzhou anagwada pamaso pa mphunzitsi amene anthu a ku Okinawa amamutchula kuti Shu Shiwa. Luso limene anaphunzira ankalitcha Pangai-noon, kutanthauza kuti theka kulimba theka kufewa, ndipo mayendedwe ake amatsanzira zilombo zitatu: nyalugwe wa mizeremizere wa ku Asia, chinjoka cha m'nthano za ku China, ndi mbalame ya miyendo yaitali yonga kakowa. Chuma chonse chimene anabwera nacho chinali ma kata atatu: Sanchin, Seisan ndi Sanseiryu. Kata ndi ndondomeko ya masitepe, kutchinga ndi kumenya imene munthu amachita yekha, ngati kuti akulimbana ndi adani osaoneka. Amene anaonerapo ingoma ku Hora kapena ku Ekwendeni savutika kumva zimenezi. Madoda aja akamaponda pansi ndi kugwedeza zishango, akusunga m'thupi mwawo nkhondo imene inatha kalekale, pakuti dziko la M'mbelwa linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1904. Kata nayo ndi buku lolembedwa m'minofu, ndipo buku lotere silisungidwa m'bokosi. Likasowa woliwerenga kwa m'badwo umodzi wokha, latha.

Mayi wa ma kata onsewo ndi Sanchin. Poiona ndi yonyozeka: munthu amaima zala za kumapazi zitaloza mkati, nayenda pang'onopang'ono, akupuma mwachidule ndi kulasa ndi zala za m'manja. Koma pamene akutero mphunzitsi amamuzungulira, kumumenya m'mimba, m'mapewa ndi m'ntchafu kuti aone ngati thupi lakhwima. Akuluakulu a nyumbayi amasimba kuti Kanbun anatha zaka zitatu akuchita Sanchin yokhayokha asanaonetsedwe china chilichonse. Ndani wa ife a pa koleji pano angapirire zaka zitatu pa tsamba limodzi?

Kenaka Kanbun anatsegula sukulu yakeyake m'chigawo chomwecho cha Fujian, chinthu chosowa kwa mlendo. Koma akuti mmodzi mwa ophunzira ake anakangana ndi mnansi wake pa nkhani ya munda, namumenya, munthuyo n'kufa. Mlandu unagwera mphunzitsi. Kanbun anatseka sukulu, nabwerera kwawo cha mu 1910 atalumbira kuti sadzaphunzitsanso munthu. Anakwatira, nayamba kulima, ndipo mu 1911 kunabadwa mwana wake wachisamba, Kanei. Kwa zaka zoposa 10 bamboyu anakhala chete ndi luso lake, osalipereka ngakhale kwa mwana wa m'nyumba mwake.

Chimene chinamutsegula pakamwa ndi umphawi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, mtengo wa shuga unagwa, ndipo Okinawa, amene ankadalira nzimbe, analowa m'njala. Anthu anafika podya mtengo wotchedwa sotetsu, umene uli ndi chiphe ngati chinangwa chowawa chosaviikidwa bwino. Amuna anakhamukira ku mafakitale a ku Osaka ndi madera oyandikira, monga m'mene agogo athu a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay ankapitira ku migodi ya ku Johannesburg, ena mpaka kusanduka matchona. Mu 1924 Kanbun naye anapita ku Wakayama, napeza ntchito wamba pa fakitale yopota thonje. Kumeneko mnzake wa pa ntchito, Ryuyu Tomoyose, wochokeranso ku Okinawa, anamununkhiza kuti mkuluyu akubisa kanthu. Nkhani imati Tomoyose ankabwera madzulo ndi nkhani zopeka za ndewu, n'kumafunsa kuti akanadziteteza bwanji, ndipo Kanbun poyankha ankaimirira ndi kuonetsa. Mapeto ake lumbiro lija linasweka, ndipo sukulu inayambika m'nyumba za antchito a pa fakitale.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Wophunzira woyamba wa Kanbun kunja kwa China sanali mwana wake. Anali mlendo wopanda ubale wa magazi, amene anachita kunyengerera luso kuti lituluke. Kanei anafika ku Wakayama pambuyo pake, mu 1927, ali ndi zaka 16, napeza ena atayamba kale. Tomoyose akanapanda kuchenjera, banja la Uechi likanakhala ndi dzina lokha popanda choti lisiyirane. Ngakhale dzinalo linabwera mochedwa: sukulu imene Kanbun anatsegulira anthu onse mu 1932 inkatchedwabe Pangai-noon, ndipo ndi mu 1940 pamene dzina linasintha kukhala Uechi-ryu, ndiye kuti njira ya Uechi. Kuyambira tsiku limenelo luso la Mtchaina linavala mfunda wa banja limodzi la ku Okinawa.

Tisamunyoze Kanei, pakuti udindo wake anaugwirira ntchito. Anabwerera ku Okinawa mu 1942, napulumuka nkhondo yoopsa ya mu 1945 imene inapha pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse a pa chisumbupo. Bambo ake anabwerera mu 1946 atasiya sukulu ya ku Wakayama m'manja mwa Tomoyose, namwalira mu 1948 pa kachisumbu ka Iejima. Kanei anayambanso pa phulusa, ndipo mu 1957 anakhazikitsa likulu la nyumbayi ku Futenma. Iye anaona kuti anyamata a masiku amenewo sangapirire zaka zitatu za Sanchin, choncho pamodzi ndi ophunzira ake akuluakulu anawonjezera ma kata asanu oti akhale ngati makwerero: Kanshiwa, Kanshu, Seichin, Seiryu ndi Kanchin. Analolanso alendo kulowa. Nthawi imeneyo Okinawa anali m'manja mwa America, mpaka mu 1972, ndipo msilikali wina wachinyamata, George Mattson, anaphunzira luso limeneli, nakatsegula sukulu ku Boston atabwerera kwawo mu 1958. Amene anamutsogolera Mattson anali Ryuko Tomoyose, mwana wa Ryuyu uja. Kachiwiri konse, khomo la nyumba ya Uechi linatsegulidwa ndi dzanja la a Tomoyose.

Tsono nyumba ikakula, funso la wolowa m'malo silichedwa. Ife timalidziwa bwino. Zwangendaba anaolotsa Angoni pa Zambezi mu 1835, koma atamwalira cha mu 1848 ku Mapupo, m'dziko la Ufipa, ana ake anali aang'ono pamene abale ake ndi nduna zake anali amuna oti aona nkhondo zambiri. Ntabeni ndi Mgayi analimbirana kulera ufumuwo, ndipo mtundu unagawikana: Mpezeni anatsikira kumene lero kuli Chipata, M'mbelwa anakhazikika ku Mzimba kuno, Zulu Gama analowera ku Songea. Sindikunena kuti sukulu ya nkhonya ndi ufumu. Koma mfundo yake ndi yomweyo: mwambo umaloza mwana, pamene mabala a nkhondo ali pa matupi a nduna.

Mng'alu woyamba unaoneka mu 1978, pamene Seiki Itokazu ndi Takashi Kinjo anachoka ndi anthu awo, natenganso dzina lakale lija la Pangai-noon. Itokazu ameneyu ndi amene anapanga kata ya Kanshu, kotero sanali munthu wa kuseri kwa nkhokwe. Mng'alu waukulu unadza Kanei atakalamba ndi kudwala. Banja linaika mwana wake Kanmei, wobadwa mu 1941, kuti atsogolere, koma akuluakulu ambiri amene anakhetsa thukuta ndi Kanei kwa zaka makumimakumi anakhazikitsa bungwe lawolawo mu 1989, lotchedwa Okikukai. Pakati pawo panali Ryuko Tomoyose. Kanei anamwalira mu 1991 nyumba yake itagawikana kale, ndipo mu 1995 a Okikukai anatcha luso lawo Shohei-ryu, dzina lolumikiza nyengo ziwiri za mafumu a Japan, Showa ndi Heisei. Kanmei anatsogolera mbali ya banja kufikira imfa yake mu 2015, udindo n'kupita kwa mwana wake Kansho, wa m'badwo wachinayi.

Mnzanga wina wa ku Dedza, titakambirana nkhaniyi pa khonde mvula ya mawawa ikugwa ku Luwinga, anaseka nati vuto lonse ndi lolowetsa mwana m'malo mwa bambo. Kwawo akanasankha mwana wa mlongo, ndipo mbumba ikanakhala pansi kuyesa amene ali ndi mutu. Ndinamuyankha kuti nakonso kwawoko milandu ya ufumu siitha pa bwalo. Ine maganizo anga ndi akuti mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, koma sizinali kukangana pa chinthu chimodzi. Banja linali kuteteza dzina ndi malo a ku Futenma, zinthu zimene zimasiyidwa ngati munda kapena ng'ombe. Akuluakulu aja anali kuteteza chimene chinali m'mikono mwawo, ndipo chimenecho Kanbun mwini sanachilandire kwa bambo ake: anakachipempha kwa mlendo ku Fuzhou. Komabe ndikaganiza kuti popanda banja lija mwina lusoli likanamwazikana kalekale, osatsala ndi pakati pake, lilime langa limalemera kuweruza.

Lero Uechi-ryu ndi nthambi zake zikuphunzitsidwa ku America, ku Europe ndi kwina kotere, pansi pa mabungwe ochuluka. Amene anasiya dzina la banja sanasiye ma kata asanu ndi atatu aja. Wophunzira asanayambe kata amaitchula dzina mokweza, ndipo atatu mwa mainawo, Kanshiwa, Kanshu ndi Kanchin, amayamba ndi Kan wa Kanbun. Awiri oyambawo amamaliza ndi zidutswa za dzina la Shu Shiwa.