Dzina la m'Buku la Lendi

Lero tikambe za nyumba za Manisipala m'mizinda yathu, ndi za munthu wamng'ono uja, kalaliki wa mu ofesi ya nyumba, amene milandu ya lendi inali kuyambira pa tebulo pace.

Pamene Lusaka anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935, Boma la Azungu linali kuyesa munthu wakuda mlendo m'tauni: abwere, agwire nchito, nabwerere kwao. M'caka ca 1948 linaika lamulo lakuti olemba anthu nchito, pamodzi ndi Manisipala, azipezera anchito ao pogona, ndi a pabanja omwe. Motero makomboni monga Chilenje ndi Matero anakula. Koma taonani pamene panali msampha. Kawiri-kawiri wolipira lendi sanali wokhala m'nyumbamo ai, koma bwana wace. Nchito ikatha, nyumba yathanso. Mwamuna akafa, mkazi wamasiye ndi ana analibe poimira, cinkana anakhalamo zaka khumi nabzala mango pakhomo.

Kalaliki ndiye anali pakati pa zonsezi. Iye analemba m'buku dzina la munthu, nambala ya nyumba ndi ndarama zolipidwa. Analemba kalata yocenjeza wangongole, namva madandaulo, namasulira mau pamaso pa Mzungu woyang'anira komboni. Sanali loya, pakuti sukulu ya malamulo ya pa Yunivesite ya Zambia inayamba m'caka ca 1967. Komabe mafunso amene anadza kwa iye anali a malamulo eni-eni. Kodi mphwace wa womwalira angalowe m'malo mwa mkulu wace? Kodi wosunga alendo olipira m'cipinda walakwa? Mwambo wa makolo, umene uweruza bwino za ukwati ndi cuma ca masiye, unalibe mau pa izi, cifukwa kumudzi mfumu ipatsa malo, munthu namanga, ndipo palibe amene alipira mwezi ndi mwezi kuti agone m'nyumba. Ine ndiganiza kuti akalaliki ambiri anaweruza ndi mtima koposa ndi lamulo, ena mwacifundo, ena mwa ciphuphu.

Ufulu utadza m'caka ca 1964, anthu anathamangira m'tauni ndipo nyumba zinacepa. Osowa anadzimangira okha ku Chawama, ku George ndi kwina, mpaka lamulo la 1974 linawalola kukhala pamalopo ndi cikalata ca zaka 30. Amene anali nayo nyumba ya khonsolo sanaitaye wamba. Wosamuka anasiyira mbale wace kapena kubwereketsa mobisa, dzina la m'buku osasintha. Kunali nyumba zimene lendi yace inali kulipidwa m'dzina la munthu wogona kumanda.

Tsono m'caka ca 1996, cimene cinalinso caka ca masankho, Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo, pa mtengo wotsika ndithu. Pamenepo buku lakale lija linakhala camtengo. Dzina limene kalaliki analemba mosasamala tsiku lina masana linayamba kulozera mwini nyumba. Wolembedwa m'buku ndi wogona m'nyumba anakanganirana. Mkazi wamasiye anakangana ndi alamu ace. Milandu yofanana nayo inabuka pa nyumba za Boma ndi za makampani a Boma, ndipo Khoti Lalikulu koposa onse linagamula kuti pa nyumba zimenezo kukhalamo pakokha sikukwanira kupatsa munthu mphamvu ya kugula; pali zinanso zoyenera kuziona.

Nthawi imeneyi mdzukulu wa kalaliki uja m'nchito anali mnyamata kapena mtsikana wongoturuka kumene m'sukulu ya malamulo. Iye ndiye anatumidwa kukafukula mafaelo a fumbi, kuyerekeza malisiti ndi makadi a lendi, ndi kufunsa anansi kuti anali kugona m'nyumbamo ndani, kuyambira liti.