Kodi Sitima ya ku Mulobezi Inali Kulira Bwanji?

Ku Railway Museum ya ku Livingstone, mitu ya sitima zakale yangoti ndii pa njanji, pamalo amene kale anali a kampani ya Zambezi Sawmills. Sitimazo zinali kututa matabwa a mukusi kucokera ku Mulobezi. Mungazigwire, mungazijambule ndi foni, koma zili zii. Cimeneco cimandivuta. Munthu amene anagwirapo nchito pa sitima ya nthunzi anali kuidziwa ndi makutu: kupuma kwake pokwera citunda, mluzu wake, kugunda kwa zitsulo. Nanga tikafuna kubwezera phokosolo mu myuziyamu, tingalipeze kuti?

Anzathu a ku Britain anacita mwai. Peter Handford, katswiri wojambula mau a m'mafilimu, anayamba m'zaka za m'ma 1950 kuima m'mbali mwa njanji ndi makina ake, kujambula sitima za nthunzi zisanathe. Anali kugulitsa malekodi a kulira kwa sitima basi, ndipo anthu anali kugula! Zimene anajambula zikusungidwa ku National Railway Museum mumzinda wa York.

Kuno kwathu obwera ndi maikolofoni anali kufuna nyimbo. Mu 1957 Hugh Tracey anayenda m'makomboni a ku migodi ya Copperbelt, najambula anyamata oimba ndi magitala ndi magule a anthu ocokera kumidzi yosiyanasiyana. Nyimbozo zili ku International Library of African Music ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Alick Nkhata, amene anagwirapo nchito ndi Tracey, anapitiriza kusonkhanitsa nyimbo pa wailesi ya Central African Broadcasting Station mu Lusaka. Sindikudandaula, ndi cuma cimeneco. Koma taonani: tili ndi mau a wamgodi ataweruka, atasamba, gitala ili m'manja. Maola onse amene anakhala pansi, cibowolero cikung'amba mwala mpaka makutu kugontha, anthu a nyimbo sanawatsatire.

Conco wofufuza amatembenukira ku mafilimu. M'zaka za m'ma 1970 a BBC anaonetsa filimu ya Last Train to Mulobezi, yonena za David Shepherd, wojambula zithunzi uja amene anatenga mutu umodzi wa sitima za kumeneko kupita nao ku England. Palinso mafilimu a nkhani ndi a makampani a migodi. Apa ndiye pofunika kucenjera. Makamera ambiri a nthawi imeneyo anali kujambula zithunzi zokha, ndipo mau anali kuikidwa pambuyo pake mu situdiyo. Mluzu umene mukumva ungakhale wa sitima ina, ya dziko lina. Nthawi zambiri phokoso leni-leni limakwiriridwa ndi nyimbo za bandi komanso mau a mzungu wofotokoza ubwino wa kampani.

Ena amati palibe kanthu, sitima ndi sitima, ingotengani kulira kulikonse pa intaneti. Ine ndikukana. Myuziyamu ikalemba pa cikwangwani dzina la cinthu ndi caka cake, timaikhulupirira. Khutu nalonso lisanamizidwe. Ngati mau ndi obwereka, alembe poyera kuti ndi obwereka.

Matepi naonso sadikira munthu. Filimu yakale ikayamba kuonongeka imanunkha ngati viniga, kenako imakwinyika. Matepi ena amamatirira cifukwa ca cinyontho, ndipo makina owaliza akusowa caka ndi caka. Wofuna kufufuza ku ZNBC kapena ku National Archives of Zambia ayambe akali ndi mpata womva zimene zili m'mabokosi.

Mgodi wa ku Kabwe, umene unali kutulutsa mtovu ndi zinki, unatsekedwa mu 1994. Mwana wobadwa caka cimeneco tsopano ali ndi zaka zoposa 30, ndipo sanaumvepo ukugwira nchito. Amene anaumva akali moyo m'makomboni athu. Mukakhala nao pansi, musangofunsa kuti munali kulandira zingati. Yatsani foni, muwafunse kuti cikepe cinali kumveka bwanji potsika, ndipo muwalole ayeseze ndi pakamwa.