Nambala ya 51920 imachokera kuti?

Munthu akatsegula fayilo ya /sys/class/thermal/thermal_zone0/temp pa kakompyuta ka Raspberry Pi koyendera Linux, amatha kupezamo nambala ngati 51920. Wosadziwa angaganize kuti makinawo apserera kale, pomwe ndi madigiri 51.92 basi. Kernel, mtima wa Linux, imawerenga kutentha m'tizigawo 1000 pa digiri iliyonse, poti masamu a madesimo amapewedwa mkati mwa kernel. Zonse zimayenda ndi manambala athunthu.

Sensa payokha siidziwa digiri. Imangotulutsa mphamvu ya magetsi imene imasintha chip ikamatentha, kenako kachipangizo kotchedwa ADC kamasandutsa mphamvuyo kukhala nambala imene akatswiri amaitchula raw code. Kuchoka pa raw code kukafika pa madigiri ndiyo ntchito ya driver, pulogalamu yolankhulana ndi chipangizocho, ndipo mkangano weniweni wa olemba ma driver umagona pa funso lakuti manambala osinthirawo akhale kuti.

Njira yachidule imafuna manambala awiri okha, slope ndi offset. Slope imanena kuchuluka kwa kutentha komwe kumasintha raw code ikakwera ndi 1, pomwe offset ndi poyambira, monga muja sikelo ya wogula chimanga imene muvi wake sunakhale pa ziro thumba lisanakwere. Pa chip ya BCM2835 ya Raspberry Pi yoyamba, slope ndi -538 ndipo offset ndi 407000. Sensa ikapereka 660, driver imachulukitsa 660 ndi -538 n'kuphatikiza 407000, yankho n'kukhala 51920 ija. Manambala awiriwa sanalembedwe mu driver ayi. Ali mu device tree, fayilo yofotokoza zida zimene zili pa bolodi, pa mzere wotchedwa coefficients. N'chifukwa chake BCM2837 ya Raspberry Pi 3 imagwira ndi driver yomweyo, offset yokha n'kusintha kukhala 412000.

Koma si masensa onse omvera chonchi. Thermistor ya mtundu wa NTC imachepetsa kukana kwake magetsi ikamatentha, ndipo kuchepako sikuyenda mofanana: kozizira kumatsika kwambiri, kotentha pang'onopang'ono. Apa pamafunika lookup table, mndandanda wa manambala awiriawiri. Driver ya ntc_thermistor ili nayo ya NCP15WB473 ya kampani ya Murata, imene pa madigiri 25 imakhala ndi ma ohm 47000. Nayo driver ya Rockchip imasunga tebulo la chip ya RK3288 loyambira pa -40 kufika pa 125, lolumpha madigiri asanuasanu. Raw code ikagwera pakati pa mizere iwiri, driver imapeza mizereyo poligawa tebulo pakati mobwerezabwereza, kenako n'kuyerekeza mtunda wa pakati pake ngati kuti ndi mzere wowongoka. Kuyerekezako ndiye interpolation.

Pali kamsampha pamenepa. Pa RK3288 raw code imatsika kutentha kukamakwera, pomwe pa RK3399 imakwera. Olemba driver anachita mwanzeru kumangirira tebulo, kutalika kwake ndi kumene likulowera m'mtolo umodzi, struct ya chip iliyonse, ndi chizindikiro cha ADC_DECREMENT kapena ADC_INCREMENT. Chip yatsopano ikabwera amangowonjezera mtolo wake osakhudza masamu. Driver imene masamu ake adzaza ndi "ngati chip ndi yakuti, chita zakuti" imatopetsa kuwerenga, ndipo cholakwika chimabisalamo mosavuta.

Malo achitatu osungirako manambalawa, kupatula device tree ndi driver, ndi mkati mwa chip momwemo. Ma chip awiri otuluka m'fakitale imodzi sapereka raw code yofanana ndendende, choncho opanga amayeza iliyonse payokha n'kuwotchera zotsatira zake mu eFuse, malo olembeka kamodzi kokha. Iyi ndiyo calibration. Driver ya tsens ya ma chip a Qualcomm, omwe ali m'mafoni ambiri a Android, imawerenga zimene zinayezedwa pa madigiri 30 ndi 120, n'kudzipezera yokha slope ndi offset ya sensa iliyonse.

Intel ndiye ili ndi kachitidwe kakekake. Sensa yake imanena madigiri amene atsala kuti purosesa ifike pa malire ake otchedwa TjMax, ndipo driver ya coretemp imachotsera nambalayo pa malirewo. TjMax ikalakwika ndi 5, chilichonse chimalakwika ndi 5. AMD nayo inazunguza anthu mitu mu 2017, pamene Ryzen 7 1800X inkaonetsa madigiri 20 oposa kutentha kwenikweni. Nambalayo, Tctl, ndi yowongolera mafani, ndipo driver ya k10temp inachita kusunga mndandanda wa mayina a mapurosesa ndi madigiri oyenera kuchotsa, Threadripper yoyamba n'kupatsidwa 27.

Nambala yomalizayo si yongoonerera pa sikirini. Kernel imaiyerekeza ndi malire otchedwa trip point: ikafika pa passive, liwiro la purosesa limachepetsedwa kuti izizire, ikafika pa critical, kernel imazimitsa makina onse osafunsa mwini wake.