Kuchoka pa hotela kukafika pa geti la Disneyland: mbiri ya sitima ya m'malere ndi oyenda pansi

Mwezi uno pa gawo lathu la mbiri yakale tapita kutali ndithu, ku America, kukaona kamtunda kakafupi zedi, kochoka pa khomo la hotela kukafika pa geti la paki ya zisangalalo ya Disneyland. Wina afunsa kuti kamtunda koyenda mphindi khumi kangakhale ndi mbiri yanji? Dekhani. Kamtunda kameneka kanamusowetsa tulo Walt Disney, mwini wake wa Mickey Mouse uja, mpaka anakagula malo aakulu ngati mzinda wathunthu ku Florida.

Disneyland inatsegulidwa pa 17 Julaye 1955 ku Anaheim, m'chigawo cha California, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Los Angeles. Pamalopo kale panali minda ya malalanje, maekala 160. Anasankha pamenepo chifukwa msewu waukulu watsopano wa Santa Ana Freeway unali kudutsa pafupi, kutanthauza kuti kuyambira pachiyambi pomwe ankayembekezera alendo obwera pa galimoto. Kumanga pakiyo kunadya madola 17 miliyoni. Walt anakongola uku ndi uku, ndipo wailesi ya kanema ya ABC inaikapo ndalama zake kuti ntchito itheke. Pomwe geti limatsegulidwa, m'thumba munalibe kanthu koti n'kumangira hotela, komanso malo ozungulira pakiyo anali a eni ake ena.

Koma banja lochokera kutali ligona kuti? Walt anapempha mnzake Jack Wrather, mkulu wa ku Texas amene analemera ndi mafuta a pansi komanso mapulogalamu a pa TV, kuti amange hotela ndi ndalama zake, iye angobwereketsa dzina. Disneyland Hotel inatsegulidwa mu Okutobala 1955, tsidya lina la msewu wa West Street, kumadzulo kwa paki, ndi zipinda pafupifupi 100. Dzina linali la Disney, ndalama zolowa zinali za Wrather. Alendo ogona kumeneko ankakwera timangolo tokokedwa ndi galimoto, kuwoloka msewu, kudutsa pa chibwalo choimikapo magalimoto, kenako geti.

Apa m'pamene monorail ikulowera. Walt ankakonda sitima moti kuseri kwa nyumba yake anali ndi kanjanji kakekake koyendapo kasitima kakang'ono. Nthawi imeneyo kampani ya Alweg inali kuyesa sitima ya mtundu wina pafupi ndi mzinda wa Cologne ku Germany. Dzina loti Alweg linachokera ku malembo oyamba a dzina la mwini ndalama, Axel Lennart Wenner-Gren wa ku Sweden. Sitima imeneyi siyenda pa zitsulo ziwiri ngati zija tinazolowera ayi. Pamakhala mtanda umodzi wa konkire woikidwa pamwamba pa mizati, ndiye sitima imaukhalira ngati munthu wakwera bulu, miyendo uku ndi uku. Matayala a labala a pamwamba amanyamula katundu, ena a m'mbali amafinya mtandawo kuti isagwe. Imayendera magetsi, siisokosa, ndipo pansi imangofuna poimika mizati basi, magalimoto ndi anthu n'kumadutsa kunsi kwake.

Disney anagwirizana ndi Alweg, ndipo maonekedwe a sitimayo anajambula ndi mnyamata wina wa pa kampanipo, Bob Gurr, amene anali asanakwanitse n'komwe zaka 30. Pa 14 Juni 1959 wachiwiri kwa pulezidenti wa America, Richard Nixon, anabwera ndi banja lake kudzaitsegulira. Gurr wakhala akusimba kuti Nixon atangolowa, iye anayendetsa sitima, achitetezo a bwanayo n'kutsala pa siteshoni kukamwa kuli yasa. Anthu ambiri amaitchula kuti inali monorail yoyamba ku America konse kuyenda tsiku ndi tsiku. Komabe tinene zoona, chinali choseweretsa chabe. Njanji yake inali yongopitirira pang'ono kilomita imodzi, siteshoni imodzi, ku gawo la paki lotchedwa Tomorrowland. Ukwera, uzungulira, utsikira pomwe unakwerera paja.

Mu 1961 zinthu zinasintha. Anaitalikitsa njanji kufika makilomita 4, inatuluka mu mpanda wa paki, n'kuwoloka pamwamba pa West Street mpaka pa Disneyland Hotel. Tsopano mlendo ankatha kudzuka, kumwa tiyi, kukwera sitima pa hotela pomwepo n'kukatsikira m'kati mwenimweni mwa paki, osaponda msewu. Choseweretsa chija chinasanduka mayendedwe enieni, ndipo n'zimene Walt ankafuna. Iye ankalakalaka akuluakulu a mizinda ataona n'kutengera. Taganizani, chaka chomwecho cha 1961, mu Epulo, sitima yomaliza ya magetsi ya Pacific Electric, zija anthu ankazitcha Red Cars, inasiya kuyenda ku Los Angeles. Mzinda unali utasankha galimoto. Mu 1963 Alweg inadzipereka kumanga monorail ku Los Angeles ndi ndalama zake, kuti izibweza kudzera m'matikiti, koma akuluakulu a derali anakana. Mzinda wa Seattle ndi umene unapeza yake mu 1962, pa chionetsero cha dziko lonse, ndipo ikuyendabe mpaka lero ngakhale ndi yaifupi, kilomita imodzi ndi theka.

Tsono tiyeni tizungulire mbali ya kum'mawa kwa Disneyland, ku msewu wa Harbor Boulevard. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Anthu atayamba kukhamukira ku paki mamiliyoni pa chaka, amalonda anathamangira kugula minda yoyandikana nayo. Malalanje anagwetsedwa, m'malo mwake munamera mamotelo ang'onoang'ono, malo odyera, malo omwetsera mafuta, ndi zikwangwani za magetsi zothwanima usiku wonse, aliyense kufuna kuposa mnzake. Walt zinamunyansa kwambiri. M'kati mwa mpanda anakonza chilichonse mosamala, mpaka mtundu wa bini ya zinyalala, koma kunja kwa geti analibe mawu. Komanso ndalama zogonera ndi zodyera za alendo amene iye anawaitana zinali kugwera m'matumba a ena.

Kwa bambo ndi mayi a ana anayi, nkhani inali ina. Chipinda cha pa motelo chinali chotchipa, galimoto umaisiya pakhomo pomwepo, ndipo m'mawa umangogwira ana pa mkono n'kuyenda pansi. Kumadzulo kunali sitima ya m'malere ya amene angakwanitse mtengo wa hotela yaikulu, kum'mawa kunali mapazi. Njira ziwirizi zinakula limodzi, ndipo zonse zinkathera pa Mickey Mouse yemweyo.

Walt analumbira kuti sadzabwerezanso. M'zaka za 1964 ndi 1965 anthu ake anagula mwakachetechete maekala oposa 27,000 a madambo ndi tchire pafupi ndi Orlando ku Florida, pogwiritsa ntchito mayina a timakampani tosiyanasiyana kuti eni malo asadziwe wogula n'kukweza mitengo. Yerekezerani ndi maekala 160 a ku Anaheim aja. Cholinga chinali choti pasapezeke munthu womanga motelo pa geti. Mwini wake sanazione, anamwalira pa 15 Disembala 1966. Mkulu wake, Roy Disney, ndiye anamaliza ntchitoyo, ndipo Walt Disney World inatsegulidwa pa 1 Okutobala 1971.

Kumeneko anachita kukonza dala kuti paki ya Magic Kingdom isafikike mwachisawawa. Pakati pa malo oimika magalimoto ndi geti anakumbapo nyanja, Seven Seas Lagoon. Ukasiya galimoto, umasankha boti kapena monorail. Mahotela awiri oyamba a m'mbali mwa njanjiyo, Contemporary ndi Polynesian, anali m'manja mwa Disney. Pa Contemporary sitima imalowa m'kati mwa nyumba n'kuima pa siteshoni ya m'mwamba, anthu akudya chakudya chapansipa. Mu 1982 anawonjezera njanji yopita ku paki yachiwiri ya Epcot, ndipo zonse pamodzi zinafika makilomita pafupifupi 24. Pa Magic Kingdom palibe motelo ya munthu wamba imene ungachokere wapansi. Maloto a Walt anatheka.

Koma taonani zimene zinatsatira. Mtanda wa konkire ndi mizati yake n'zodula kumanga. Mahotela atachuluka kupitirira makumi awiri, monorail ya ku Magic Kingdom inangotsala ndi atatu okha, Contemporary, Polynesian ndi Grand Floridian imene inatsegulidwa mu 1988, ndipo onsewa ndi a mtengo wapamwamba. Alendo a mahotela enawo amakwera basi kapena boti, ndipo kuyambira 2019 ena amakwera timabokosi tolendewera pa chingwe totchedwa Skyliner. Madzulo makombola akatha, khamu lonse limatuluka nthawi imodzi, mzere wa pa siteshoni n'kutalika. Ogona ku Contemporary anazindikira kale kuti kuyenda pansi mphindi khumi kumaposa kudikira. Mu 2020 kampaniyo inatsegula njira ya oyenda pansi yochoka ku Grand Floridian kukafika ku Magic Kingdom, ndi kamlatho kake kotembenuka kuti maboti azidutsa. Patatha zaka 49, malo omangidwa kuti anthu azikwera sitima anafunikabe kanjira ka mapazi.

Nanga ku Anaheim kuja? Mu 1988 Disney inagula kampani ya Wrather, hotela ija n'kukhala yake patatha zaka zoposa 30. Mu 2001 chibwalo chakale choimikapo magalimoto chinasanduka paki yachiwiri, California Adventure, ndipo pakati pa hotela ndi mageti anamanga msewu wa masitolo woyendamo anthu okhaokha, Downtown Disney. Kuti malo apezeke, anagwetsa nyumba zakale za hotela zimene zinali pafupi ndi siteshoni. Siteshoniyo inatsala m'dera la masitolo, moti lero wogona ku Disneyland Hotel amayamba wayenda kaye pansi asanakwere monorail. Kukwerako kumafuna tikiti ya paki, ndipo imakakutula ku Tomorrowland kokha, ku paki yatsopanoyo siima. Nayo khonsolo ya Anaheim inakonza Harbor Boulevard m'zaka za m'ma 1990, kukulitsa njira za oyenda pansi, kudzala mitengo ya kanjedza, ndi kuchotsa zikwangwani zothwanima zija.

Ndiye chodabwitsa n'chakuti mamotelo ena a pa Harbor Boulevard, omwe aja Walt ankadana nawo, lero ali pafupi ndi geti kuposa hotela yokhala ndi dzina lake. Uwoloka msewu pa maloboti, uyenda mphindi zisanu kapena khumi, wafika. Monorail ikadalipo, yokongola ndithu, ana amaikonda, koma yabwerera pafupi ndi pomwe inayambira mu 1959, kukhala chinthu chokwera pofuna kusangalala.

Mbiri imeneyi ikutisiyira funso la amene amapindula ndi malo oyandikana ndi pomwe pamasonkhana anthu. Ku Florida kampani inagula dera lonse, malo n'kukhala aukhondo ndi adongosolo, koma kugona pafupi ndi geti kunasanduka kwa olemera. Ku Anaheim ndalama zinaperewera mu 1955, kunja kwa mpanda kunadzaza piringupiringu, koma banja la ndalama zochepa linapeza pogona poti n'kuyenda pansi. Inuyo anzathu, mukanakhala akuluakulu a khonsolo ya Anaheim mu 1955, amalonda a mamotelo aja mukanawalola kapena mukanawakaniza? Tikambirane tikakumana.