Galimoto Yoyendera Magetsi: Imafika Pati, Nanga Tingaitchaje Bwanji Kuno Kunyanja?

Kuyambira chaka cha 2022, pamene mizere ya galimoto ndi njinga zamoto idayambanso kuoneka pamalo omwetsera mafuta ku Mangochi Boma, ku Monkey Bay ndi ku Balaka, pali funso limene lakhala likutifika kawirikawiri, makamaka kuchokera kwa mabanja amene ali ndi abale ku Joni ndiponso kwa makomiti amene amayang'anira galimoto za sukulu ndi zipatala. Funso lake ndi lakuti: kodi galimoto yosamwa petulo kapena dizilo, yoyendera batire lokha, ingathandize munthu wokhala kuno kunyanja? Funsoli si lopepuka, pakuti ndalama zogulira galimoto yotere ndi zimene banja limasonkhanitsa kwa zaka zambiri, ndipo wogula mosafunsa angathe kuiimika pakhonde chaka chisanathe. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kuti nkhani isakhale ya m'malere, tatenga chitsanzo cha galimoto imodzi, BYD Atto 3, yopangidwa ndi kampani ya ku Shenzhen m'dziko la China, imene idayamba m'chaka cha 1995 ngati kampani yopanga mabatire. Ndi galimoto yabanja, yanjinja pang'ono, ya mtundu uja amautcha SUV, yonyamula anthu asanu. Taisankha chifukwa idayamba kugulitsidwa ku Japan ndi ku South Africa m'chaka cha 2023, maiko awiri amene galimoto zambiri za m'misewu yathu zimachokera, ndipo chiwongolero chake chili kumanja monga tidazolowera. Zimene tinene pano zikukhudzanso zinzake monga Toyota bZ4X, Volkswagen ID.4 ndi Tesla Model Y, ngakhale manambala ake amasiyana pang'ono.

Batire ndi mayunitsi

Aliyense amene ali ndi mita ya ESCOM yolipiriratu amadziwa kale muyeso wofunika pankhaniyi. Yuniti imodzi imene timagula ndiyo imene akatswiri amalemba kuti kWh. Tsono batire la Atto 3 lilipo la mitundu iwiri: laling'ono limasunga mayunitsi pafupifupi 50, lalikulu mayunitsi 60. Batire limeneli limayalidwa pansi pa galimoto, kunsi kwa mipando, ndipo ndilo limaichititsa kulemera pafupifupi makilogalamu 1,750. Injini mulibe, mulibenso oyilo wa injini wofuna kusintha, kapena paipi yotulutsa utsi. Muli mota imodzi imene imazunguza matayala akutsogolo okha, mfundo imene tibwererakonso.

Pamapepala a kampani padalembedwa kuti batire lalikulu limayenda makilomita 420, laling'ono 345. Manambala amenewa si abodza, koma adapezeka poyesa galimoto mwa ndondomeko yotchedwa WLTP, m'nyumba yoyeseramo, mopanda mphepo, mopanda chitunda, mopanda matumba a chimanga kumbuyo, ndiponso makina oziziritsa mpweya atazimitsidwa. Ogulitsa ena amatchula manambala okwera kuposa amenewa, ochokera ku muyeso wa ku China wotchedwa CLTC, umene ndi wofewa kwambiri. Wogula afunse kuti nambala imene akuuzidwayo ndi ya muyeso uti.

Pamsewu weniweni, galimoto yotere imadya mayunitsi 17 kapena 18 pa makilomita 100 alionse. Choncho batire la mayunitsi 60 lidzakufikitsani pakati pa makilomita 320 ndi 350. Popeza palibe dalaivala wanzeru amene amadikira kuti thanki iumiretu, ife tikulangiza kuti powerengera ulendo muziganizira makilomita 280, otsalawo akhale a mwadzidzidzi. Kumbukirani kuti petulo akatha mumatuma mnyamata wa kabaza ndi chigubu, koma magetsi satungidwa m'chigubu.

Zimene zimadya batire

Choyamba ndi liwiro. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo siwonjezeka molingana ndi liwiro ayi, imawonjezeka mopitirira: mukawirikiza liwiro kawiri, kukana kwa mphepo kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake woyenda makilomita 80 pa ola amafika kutali kusiyana ndi woyenda 110. Apa galimoto yamagetsi imasiyana ndi yapetulo, chifukwa m'tauni, moyenda pang'onopang'ono ndi kuimaima, ndimo imadya mochepa.

Chachiwiri ndi zitunda, ndipo kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu, popeza timakhala pansi pa chigwa. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ndi Lilongwe ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndipo Dedza ali pamwamba kuposa apo. Kulikonse kumene tingalowere, kaya ku Namwera kudzera m'mapiri a Chowe, kaya ku Zomba, kaya kukwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, timayamba ndi kukwera. Kukweza galimoto ya matani awiri, anthu ali momwemo, mamita 1,000 kumafuna mayunitsi asanu kapena asanu ndi limodzi apadera, kumene kuli ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a batire lonse. Chotonthoza n'chakuti potsika, dalaivala akachotsa phazi pamoto, mota ija imasanduka jenereta n'kumabweza mphamvu ina m'batire uku ikugwira galimoto kuti isathamange. Siibweza yonse, koma imabweza yooneka, ndipo mabuleki amakhalitsa.

Chachitatu ndi kutentha. Ku Ulaya amadandaula kuti chisanu chimafupikitsa ulendo. Kwathu kuno vuto ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 35. Makina oziziritsa mpweya amatenga yuniti imodzi kapena ziwiri pa ola kuchokera m'batire lomwelo. Kuwonjezera apo kutentha kumakalambitsa batire msanga, choncho galimotoyi imafuna mthunzi monga momwe timaufunira ife.

Tiyeni tsono tiyese ndi maulendo amene timawadziwa. Kuchoka ku Mangochi Boma kupita ku Monkey Bay ndi makilomita pafupifupi 65. Kupita ndi kubwera kudzadya mayunitsi osapitirira 25, ndipo ngakhale mutapatukira ku Cape Maclear mudzabwera kunyumba mtima uli m'malo. Ku Liwonde, ku Ulongwe, ku Namwera ndi ku Chiponde n'chimodzimodzi. Ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 190 okwera: mudzawononga mayunitsi pafupifupi 35, mutsale ndi 25, pamene ulendo wobwerera ukufuna pafupifupi 30. Masamu ake ndi osavuta, simungapite ndi kubwera osatchaja. Ku Lilongwe kudzera ku Golomoti, mtunda wa makilomita pafupifupi 250, mudzafika ndithu, koma batire litatsala pang'ono, ndipo muyenera kudziwiratu kumene mukagone ndi soketi imene mukagwiritse ntchito.

Katchajidwe kake

Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi soketi wamba ya m'nyumba, ya mano atatu, ya mavoti 230. Chingwe chimene chimabwera ndi galimoto chimakoka pafupifupi mayunitsi awiri pa ola, kotero kuti kudzaza batire lopanda kanthu kumatenga maola pafupifupi 30. Ambiri akamva zimenezi amagwa mphwayi, koma taonani: mukalumikiza madzulo n'kuchotsa m'mamawa, patapita maola khumi, mwapeza makilomita oposa 100. Mphunzitsi, namwino kapena wamalonda amene amayenda makilomita 30 kapena 40 patsiku safuna zoposa pamenepa. Chenjezo lathu ndi la mawaya. Nyumba zambiri zidaikidwa mawaya oyenera mababu, wailesi ndi furiji, osati katundu wokoka moto usiku wonse osapuma. Soketi yogwedera imatentha n'kusungunuka, ndipo zingwe zowonjezera zija zogula pamsika zisayerekezedwe n'komwe. Muitane katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chilolezo kuti aike soketi yakeyake ndi kuonetsetsa kuti waya wopita m'nthaka ali bwino. Ngati wayayu palibe, zingwe zambiri zimakana kutchaja.

Njira yachiwiri ndi kabokosi komangirira pakhoma, ka mphamvu ya 7 kW, kamene kamadzaza batire m'maola asanu ndi anayi kapena khumi. Kamakoka moto wofanana ndi maketulo atatu owira nthawi imodzi, choncho musanakaike mukambirane ndi a ESCOM ngati mzere wa panyumba panu ungapirire.

Njira yachitatu ndi makina akuluakulu a pamsewu, amene amathira moto molunjika m'batire. Pa makina oterewa Atto 3 imachoka pa magawo 10 kufika pa magawo 80 mwa 100 m'mphindi pafupifupi 45. Kupitirira apo liwiro limatsika dala pofuna kuteteza batire. Makinawa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo munthu wa ku Mangochi asagule galimoto modalira iwo. Palinso msampha wina umene ogula pa intaneti ambiri saudziwa: mapulagi ake ndi osiyana. Galimoto zochokera ku South Africa ndi ku Ulaya zili ndi pulagi ya CCS2, za ku Japan zili ndi CHAdeMO, za msika wa ku China zili ndi GB/T. Atto 3 yogulidwa ku Johannesburg ndi inzake yogulidwa ku Japan zimafanana maonekedwe koma sizilowa pa makina amodzi popanda cholumikizira chapadera, chimenenso ndi chodula.

Magetsiwo achokera kuti?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Petulo wathu amagulidwa ndi ndalama zakunja ndipo amayenda mtunda wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Kwacha itagwa ndi magawo 44 mwa 100 mu Novembala 2023, mtengo wake tonse tidaumva. Magetsi athu ambiri amapangidwa konkuno, ndi madzi omwewa amene amatuluka m'nyanja, kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kulowa m'nyanja ya Malombe, kupitirira pa Liwonde mpaka kukazunguza makina a EGENCO ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Kunena mwina, galimoto yamagetsi ya ku Mangochi imayendera madzi a Shire. Koma sitidaiwale kuti namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kudatisautsa mpaka m'chaka cha 2023. Amene akuthawa mzere wa mafuta adziwe kuti angathe kukumana ndi mdima.

Dzuwa ndilo limene tili nalo lochuluka. Minda ya mapanelo idatsegulidwa ku Salima m'chaka cha 2021 ndi ku Golomoti m'chaka cha 2022. Panyumba, panelo imodzi yaikulu ya mawati 550 imapereka mayunitsi awiri kapena kuposerapo pang'ono patsiku, omwe ndi makilomita 12 mpaka 15. Mapanelo khumi angathe kuyendetsa galimoto ya banja kapena ya chipatala tsiku ndi tsiku, malinga ikhale ili pakhomo masana. Kasola kaja kotchajira mafoni ndi kuyatsa mababu atatu sikangathandize konse. Ndipo magetsi akazima, Atto 3 ili ndi chingwe chimene chimalola kutenga moto m'batire lake kuyatsira furiji, mababu kapena kompyuta, chinthu chimene osunga nsomba ndi mankhwala angachiyamikire.

Za mtengo sitilemba makwacha, chifukwa amasintha msanga. Werengerani nokha chonchi: pa makilomita 100, galimoto yamagetsi imachotsa pa mita yanu mayunitsi pafupifupi 20, kuphatikizapo otayika potchaja, pamene yapetulo ya msinkhu womwewo imamwa malita pafupifupi asanu ndi atatu. Tengani mitengo ya lero ya MERA muyerekeze.

Mongodutsa, n'zochititsa chidwi kuti maginito a m'mota za galimotozi amapangidwa ndi miyala yosowa ya mtundu umene uli m'phiri la Kangankunde m'boma la Balaka, ndipo mabatire amafuna graphite, amene adapezeka wochuluka ku Kasiya m'boma la Lilongwe.

Kwa wogula yogwiritsidwapo kale ntchito

Batire limafooka pang'onopang'ono, kawirikawiri pafupifupi magawo awiri mwa 100 pachaka. La Atto 3 ndi la mtundu wa LFP, lopanda cobalt, limene limapirira kutentha ndiponso kudzazidwa mpaka pamapeto kusiyana ndi mitundu ina. Nissan Leaf zakale, zimene zidayamba kutuluka m'chaka cha 2010 ndipo zimaoneka zotsika mtengo, mabatire ake alibe madzi oziziritsira, choncho m'dera lotentha ngati lathu amafooka msanga. Musanalipire, funsani chikalata choonetsa thanzi la batire, chimene amachilemba kuti SOH. Makampani ambiri amalonjeza kusamalira batire kwa zaka zisanu ndi zitatu, koma lonjezo limeneli nthawi zambiri silitsatira galimoto imene yatulutsidwa m'dziko limene idagulitsidwa.

Funsaninso kuti ikawonongeka adzaikonza ndani. Matayala, mashoko ndi mabuleki makaniko aliyense angathe, koma mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula mavoti pafupifupi 400, okwanira kupha munthu, ndipo wosaphunzira ntchitoyo asawakhudze. Dzina lakuti SUV lisakunyengeni: yokoka ndi matayala akutsogolo okha siyoyenera mchenga ndi matope a njira ya ku Makanjira m'nyengo yadzinja, mwala ukagunda batire kunsi kuonongeka kwake ndi kwa ndalama zambiri, ndipo madzi osefukira, monga amene adalowa m'malo ambiri a m'mbali mwa nyanja m'chaka cha 2024, ndi oyenera kuwapewa.

Pomaliza, galimotoyi poyenda pang'onopang'ono siimveka kwenikweni, ngakhale zatsopano adaziikira kaphokoso kochenjeza. M'tauni ya Mangochi, mmene akabaza, ana asukulu, amayi osenza madengu ndi mbuzi amagawana msewu umodzi, ambiri amapatuka chifukwa amva injini kumbuyo. Woyendetsa achepetse liwiro pamisika monga wa ku Ulongwe ndi wa ku Makawa, ndipo aziliza hutala nthawi ikadalipo.